Lole Yathu Inabwera Yopanda Bodi

Amayi anga sanagulepo chinthu pa mtengo umene wogulitsa watchula poyamba. Kaya ndi mchere, kaya mbiya, kaya nsalu, ankayamba auseka mtengowo, kenako n'kutembenuka ngati akuchoka, mpaka wogulitsa awaitanenso. Nawonso pogulitsa zinanazi zawo pa msika wa Chonde ankayambira kumwamba, podziwa kuti wogula awatsitsa. Akagwirizana ankaikapo kachinanazi kena kakang'ono ka basela, chifukwa ankati malonda opanda basela ndi mkangano chabe. Kwa iwo dziko linkayenda choncho: mtengo umabadwa waukulu, n'kumachepa pamene anthu akucheza.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditamaliza Fomu 3, ndili pa tchuthi chachikulu. Ndinkalemba zochitika za tsiku lililonse m'kabuku ka chikuto chobiriwira, chifukwa aphunzitsi athu a Chingelezi anatiuza kuti mtsikana wofuna kupita patali azizolowera cholembera. Zambiri zimene ndikukumbukira za ulendo uja ndi zimene ndinalemba m'menemo.

Munda wa zinanazi unali wa amayi, wochokera kwa amayi awo, m'munsi mwa phiri. Bambo anabwera pamudzipo ngati mkamwini, ndipo ankagwira ntchito ya udalaivala pa esiteti ya tiyi. Zinanazi zinkabereka bwino, koma vuto linali kuzifikitsa ku Limbe kumene kunali ndalama. Tinkadalira lole ya munthu wina amene ankabwera tsiku limene wafuna yekha. Dzinja lapitalo sanabwere n'komwe. Mulu wonse unawolera m'mbali mwa msewu, njuchi ndi ntchentche zili ng'waa, fungo lake ngati la mowa wosasa. Amayi anaima pamuluwo manja ali m'chiuno, n'kunena kuti zinanazi zotsatira zidzapita ku Limbe pa lole yawoyawo.

Sanali kulankhula zamaloto. Anali atasunga kwa zaka zambiri ku positi, ndipo bambo anasiya ntchito ku esiteti kuti alandire ndalama zawo zopumira, ziphatikizidwe pamodzi. Tsono kubwerera m'mbuyo kunalibe. Tikanabwerako opanda lole, ndiye kuti bambo alibe ntchito, ndipo zinanazi zimene zinali zitayamba kale kutulutsa timitu tofiirira zikanawolanso pamsewu pomwe paja.

Mtengo wa loleyo bambo anauona okha, wolembedwa ndi utoto woyera pa galasi la kutsogolo, pa kampani ina yogulitsa magalimoto ku Limbe. Ankadutsapo akamakatula tiyi. Ndalama zathu zinakwana pa mtengo umenewo n'kutsalako pang'ono, ndipo amayi anati zachuluka.

"Umenewo ndi mtengo woyambira," anatero. "Ndikakautsitsa, zotsalazo tigula malata a galaja."

Bambo anavomera. Anali atayendetsa malole a azungu kwa nthawi yaitali, koma kuyendetsa galimoto ya mwini sikuphunzitsa munthu mtengo wake. Timapepala tozungulira ta laisensi tomata pagalasi ankangotipeza tasinthidwa ndi a ku ofesi, osafunsa kuti walipira ndani.

Ine ananditenga kuti ndikawerenge Chingelezi cha pamapepala. Ndinavala siketi yanga ya sukulu yofika m'munsi mwa mawondo ndi nsapato zopolishidwa. Bambo anaonetsetsa kuti aliyense wanyamula khadi lake la chipani, poti popanda khadilo basi sunkakwera. Amayi anamanga ndalama m'lamba wansalu m'chiuno, mkati mwa chitenje, n'kusenza dengu. M'dengumo munali makaka a chinangwa ophika, nyemba za kalongonda m'kambale, ndi zinanazi zingapo za m'chilimwe, zing'onozing'ono koma zotsekemera kwambiri. Pokwera basi pa Chonde anauza kondakitala, amene ankawadziwa, kuti asatiyembekezere pobwerera. Anauzanso amayi onse a pamsika.

Kampaniyo inali ndi magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo simenti yake inkawala moti ndinkaona nsapato zanga kawiri. Lole ija inali pakati, yoyera, bodi yake yachitsulo yopakidwa buluu. Bambo anaizungulira akugogoda matayala ndi chala. Kunabwera wogulitsa, bambo wamtali wovala tayi, wolankhula Chichewa cha m'chigawo chapakati. Anapita kwa bambo, koma bambo analoza amayi ndi chibwano.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anatero amayi, akutula dengu pansi. "Kagalimoto aka mukuti bwanji?"

Wogulitsayo analoza pagalasi.

Amayi anaseka kuseka kwawo kwa pamsika, kumene ndinkakudziwa kuyambira ndili kumsana. "Zimenezo mwalembera azungu. Ine ndikufunsa mtengo wa ife anthu."

"Mtengo ndi womwewo, mayi."

"Ndiye tiyeni, abambo ake. Tikaone kwina."

Anasenza dengu n'kutuluka pang'onopang'ono, ife tikutsatira. Tinaima pakhonde. Amayi ankayang'ana magalimoto odutsa mumsewu, koma khutu lili kumbuyo. Tinadikira. Nditasuzumira pagalasi ndinaona wogulitsa uja atakhala pa tebulo lake akumwa tiyi.

"Akubwera?" anafunsa amayi osatembenuka.

"Akumwa tiyi, amayi."

"Wadziwa kuti tibwerera. Ndi wochenjera ameneyu."

Tinalowanso tokha, popanda wotiitana. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo amayi akubwerera kwa wogulitsa choncho, koma analowa mutu uli m'mwamba, n'kunena kuti chabwino, poti ndi tsiku loyamba kudziwana, alipira mtengo wa pagalasiwo, koma achimwenewo akumbukire pa basela.

Wogulitsayo anatipatsa mipando, n'kutenga pepala. Analemba mtengo uja pamwamba. Ine ndinkaganiza kuti atambasula dzanja alandire ndalama, koma cholembera chinatsikira pa mzere wachiwiri.

"Uwu ndi msonkho wa boma pa katundu watsopano," anatero. Anawerengera pa kamakina kokhala ndi chogwirira, n'kulemba. "Iyi ndi yolembetsera galimoto ndi kudinda manambala. Iyi ndi laisensi ya pamsewu. Iyi ndi inshuwalansi, popanda imeneyi simutuluka pageti. Iyi ndi yoibweretsera kuchokera kudoko. Iyi ndi yoti amakaniko athu aiyendere isanatuluke. Wailesi ili padera."

Ndinkamasulira mzere uliwonse ngakhale iye anali atanena kale m'Chichewa, chifukwa amayi ankayang'ana ine, osati iye. Pofika pansi pa pepalalo, chiwerengero chinali chitakula kupitirira zonse za m'lamba muja.

"Mwanawe, wawerenga bwino?" anafunsa amayi. "Ukukwera mtengowu?"

"Ukukwera, amayi."

"Tikuchezabe chonchi, iwo ukukwera?" Anatembenukira kwa wogulitsayo. "Achimwene, kwathu munthu ukakhala pansi ndi wogulitsa mtengo umatsika. Kuno ndakhala pampando, ndiye mwandilipiritsa mpandowo?"

Bamboyo anaseka, ndipo sikunali kuseka kwachipongwe. Anati wa pagalasi uja ndi mtengo wa galimoto yokha, ikungokhala m'nyumba muno. Kuti ikhale galimoto yoyenda pamsewu, pamafunika zonsezo.

"Ndiye yambani n'chachikuluchi," anatero amayi, chala chili pa mzere wachiwiri. "Msonkhowu wanyanya. Dulaniko pakati."

Kalaliki wa pa tebulo lina anasiya kutaipa. Bambo anatsokomola, maso awo n'kupita pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chimene chinkapachikidwa pakhoma la sitolo ndi ofesi iliyonse masiku amenewo. Wogulitsayo anatsitsa mawu.

"Mayi, mawu amenewo tisawabwereze. Msonkho ndi chitukuko."

"Ndi chitukuko ndithu," anatero bambo msangamsanga. "Amatanthauza kuti ndi wabwino, akazi angawa. Kungoti ndi a kumudzi."

Amayi anawayang'ana bambo m'njira yoti nkhaniyo idzakambidwa kunyumba. Wogulitsayo, pofuna kutithandiza, anati tikhoza kupereka zimene tili nazo, zotsalazo n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Amayi anafunsa kuti mwezi wina zikavuta chimachitika n'chiyani. Atamva kuti lole imakatengedwa, anaimirira. Anati galimoto yoti mwini wake ali ku Limbe sangaigoneke pakhomo pawo.

Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo tinakakhala kuseri kwa kampaniyo, pansi pa mtengo wa jakaranda, pafupi ndi mpanda wa waya. Amayi anatsegula kambale ka kalongonda. Bambo sanadye. Ankangotembenuza chipewa chawo m'manja, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za kapitawo wa ku esiteti, amene anawauza potsanzikana kuti adzabweranso kudzapempha ntchito. Ine mantha ndinalibe kwenikweni. Ndinali ndisanaonepo amayi akubwerera kumsika ndi dengu lopanda chimene anapitira, ndipo sindinkaona chifukwa choti tsikulo likhale loyamba.

Kuseri kwa wayayo kunali bwalo la magalimoto. Kumapeto kwake kunaima malole angapo ofanana ndi yathu ija, koma anali mitu yokhayokha. Kumbuyo kwake kunali zitsulo ziwiri zazitali ndi matayala, ngati nkhuku yososoledwa.

"Bambo, awo anachita ngozi?" ndinafunsa.

"Ayi, amabwera choncho kuchokera kunja. Bodi amakaikira konkuno, kwa amisiri a zitsulo. Akatero ndiye amailowetsa m'magalasi muja."

Amayi anasiya kutafuna. "Ndiye kuti bodi ili ndi mtengo wakewake?"

"Ili nawo, ndipo si wochepa."

Pamenepo ndinakumbukira momwe wogulitsa uja anapezera msonkho. Sanautenge m'buku, anachita kuuwerengera kuchokera pa mtengo wa pamwamba. Maperesenti tinali titaphunzira teremu yomweyo, ndipo ndinakhoza bwino. Ndinauza amayi kuti mtengo wa pamwambawo ukachepa, msonkho nawo uchepa wokha, popanda wina kuupempha. Inshuwalansinso chimodzimodzi.

"Ukunena zoona, kapena ndi za kusukulu?"

"Ndi za kusukulu, koma ndi zoona."

"Achimwene anga ali pa Likhubula paja amakhoma zitseko za matchalitchi," anatero amayi. "Angalephere bokosi loikamo zinanazi?"

Bambo anakana. Anati iwo ayendetsa malole athunthu moyo wawo wonse, sangalowe m'mudzi ndi galimoto yosavala. Anati anthu a pa Chonde adzaseka mpaka chaka chamawa.

"Adzaseka tikafika pa basi," anatero amayi. "Tikafika pa mutu wa lole adzaseka akutipatsa njira. Sankhani kuseka kumene mukufuna, abambo ake."

Bambo anayang'ana malole aja nthawi yaitali. Kenako anatenga chidutswa cha makaka n'kuyamba kudya, ndipo tonse tinadziwa kuti avomera.

Wogulitsa uja atamva, anakanda m'mutu n'kupita kukafunsa bwana wake m'chipinda cha mkati. Anabwerako akuti n'zotheka, makampani a matabwa amagula choncho, kungoti munthu wamba anali asanafunsepo. Anatenga pepala latsopano. Ine ndinawerengera pambali m'kabuku kanga, ndipo chiwerengero changa cha msonkho chinafanana ndi cha kamakina kake. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo ngakhale tsiku lolandira mphotho kusukulu.

Tsopano amayi anali atadziwa poponda. Anandiuza kuti ndiziwauza mzere uliwonse ngati ndi wa boma kapena wa kampani. Ndikati wa boma, ankangogwedeza mutu mwaulemu, n'kunena kuti chitukuko. Ndikati wa kampani, ankakhala tsonga. Wailesi anaichotsa, ati bambo amaimba bwino nyimbo za kwaya. Pa ndalama ya amakaniko anafunsa ngati galimotoyo yabwera yodwala. Wogulitsayo anati ayi, ndi yatsopano. Anafunsanso kuti nanga yatsopano akuipimiranji pa ndalama zawo. Anakangana mokoma ndithu, bamboyo akuseka, mpaka anadulako. Ya kudoko anakanitsitsa, ndipo amayi anaisiya, poti wogulitsa naye amayenera kupambanapo penapake.

Amayi analowa kuchimbudzi cha akazi kukamasula lamba uja. Atalipira zonse, zotsala zinali zongokwanira mafuta ofikira kwathu ndi mabawuti a bodi. Za malata a galaja panalibe anazitchulanso. Anatipatsa pepala lololeza kuyenda mpaka kunyumba, n'kutiuza kuti bodi ikamangidwa tidzapite nayo kukapimitsa ku boma.

Makiyi ali m'manja mwa bambo, amayi sananyamuke pampando.

"Basela, achimwene."

"Mayi, pa galimoto sipakhala basela."

Amayi anavundukula dengu, n'kuika zinanazi zitatu pa tebulo lake, pamwamba pa mapepala. Anati izi ndi za ana kunyumba. Kenako anatulutsa kena kakang'ono n'kuikanso. Anati aka ndi ka basela, kuti muone momwe timachitira anthu. Fungo la zinanazi linadzaza chipinda chonse, kalaliki uja n'kumamwetulira pa makina ake. Wogulitsayo anatuluka, n'kubwera ndi chigubu cha oilo ndi mphasa ziwiri za labala zopondapo. Amayi anazilandira ndi manja awiri.

Tinakhala atatu kutsogolo, ine pakati, dengu lili pamiyendo. Lole yopanda katundu kumbuyo imadumpha ngati mwana wa mbuzi, ndipo pa bampu iliyonse mitu yathu inkagunda denga. Bambo anayamba ulendowo nkhope ili gwa, koma titadutsa minda ya tiyi ya ku Thyolo anayamba kuyamikira magiya, ndipo pofika pa Luchenza anali akuimba. Phiri lathu linaonekera kutsogolo, dzuwa la madzulo litalipaka kufiira. Pa Chonde amayi anawauza bambo kuti aimbe hutala, n'kutulutsa dzanja pawindo. Amayi a pamsika anaimirira kuti aone. Ena anagwira pakamwa.

Kumudzi tinapeza anthu atasonkhana. Nthungululu zinayamba lole itangotulukira pa mtengo wa mango, koma itakhota n'kuonetsa kumbuyo, zinathera m'njira. Azakhali ndi ana awo anali atasamba n'kuvala za kutchalitchi kuti akwere, awazungulitseko mpaka ku Mishoni. Anaima n'kumayang'ana zitsulo ziwiri zija.

Amalume, kalipentala uja, anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Alamu, mwayenda bwino?"

"Tayenda bwino, alamu."

"Nanga theka linalo mukatenga liti? Kapena lagwa pa Thyolo osamva?"

Anthu anaseka, bambo nawo anaseka. Amayi anatsika, n'kukonza chitenje chawo.

"Theka linalo lili m'manja mwanu, achimwene. Zinanazi zikamapsa likhale litatha."

Amalume anasiya kuseka, n'kuitanitsa chingwe choyezera.

M'mawa mwake kunabwera wapampando wa chipani wa m'dera lathu, atamva kuti pamudzi pafika lole. Ankafuna kuilembera kuti ikanyamule amayi ovina ku msonkhano. Anaizungulira, anagwira zitsulo zija, n'kuona kuti palibe poima munthu. Anatiyamikira chifukwa cha chitukuko, n'kumapita. Bodi itatha anabweranso, ndipo bambo ankawanyamula amayiwo ndi mafuta athu. Umenewo unali msonkho wina umene wogulitsa uja sanaulembe papepala.

Ndisanabwerere kusukulu ndinaona amalume akuyamba ntchito. Anasankha matabwa a bulugamu ouma bwino kwa anzawo ocheka pa Likhubula, n'kumawapala pabwalo pathu, ana akutola zopalidwazo. M'mbali anasiya mipata pakati pa matabwa kuti mphepo izidutsa. Amayi ndiwo anapempha zimenezo, poti m'bodi yachitsulo zinanazi zimapsa ndi kutentha zisanafike. Ankabwera madzulo aliwonse kudzagwedeza thabwa lililonse, amalume n'kumadandaula kuti bola kukhomera abusa.

Pa tchuthi cha Khirisimasi bambo anadzanditenga pa siteji ndi lole yathunthu. Bodi anaipaka utoto wobiriwira umene unatsala pa mawindo a sukulu ya pulaimale. Anandiuza kuti kopimitsa kuja kunalinso ndalama yolipira, ya sikelo ndi ya chidindo, koma amayi anapita atakonzeka. Akuti asanapereke moni n'komwe anafunsa kuti, "Mtengo womaliza ndi uti? Yambirani pansi pa pepala."

Ulendo woyamba wa zinanazi ndinapita nawo. Tinapakira m'mawa kukali mame, mitu yake tikuyang'anitsa pansi, udzu uli pakati. Kutsogolo kunakhala amayi ndi amalume, amene anati ayenera kumva okha ngati bodi yawo ikulira. Ine ndinakhala kumbuyo pa thumba, mpango uli kumutu, minga ya zinanazi ikundibaya m'miyendo. Tinadutsa pamalo paja pamene mulu unawolera. Panali patamera udzu wautali kuposa pena ponse.

Ku Limbe ogula anatizungulira tisanazimitse injini. Mayi wina wonenepa ananyamula chinanazi chachikulu n'kufunsa mtengo. Amayi anatchula wokwera kwambiri moti ine ndinayang'ana kumbali. Mayiyo anaseka, anachibweza pamulu, n'kutembenuka ngati akuchoka. Amayi anamusiya ayende pang'ono, kenako anamuitana.